Hiace yogonamo ya 1992 ikuwira pa zitunda za ku Lilongwe, ndiyambire pati?

MwanaWaKuNyanja:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Malume anga anandisiyira Toyota Hiace ya 1992, ija ya denga lalitali yokhala ndi bedi, sinki ndi kafiliji m'kati. Injini yake ndi 3L ya dizilo. Yakhala nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango kuno ku Senga Bay, koma ikulira bwinobwino. Pa msewu wa m'mbali mwa nyanja wopita ku Nkhotakota imayenda popanda chovuta, koma ndikangoyamba kukwera zitunda za ku Lilongwe geji ya kutentha kwa injini imanyamuka, ndisanafike ndi pa Chezi pomwe madzi ali bwatabwata. AC ikungotulutsa mphepo yotentha. M'kati matabwa anafufuma, matiresi anachita chuku, ndipo masana a Okutobala ano munthu sangakhalemo. Ndikufuna ndizitengeramo banja kumapeto a sabata, mwinanso kubwereketsa kwa alendo okaona njovu. Ndalama n'zochepa. Mnzanga wina akuti ndingogula AC ya m'nyumba n'kumangirira padenga. Inu mukuti bwanji?

Kondakitala_Wakale:
Chotsani bedi, ikani mipando, Salima–Lilongwe tsiku ndi tsiku. Ndalama ya AC ipezeka yokha.

Sipanala14:
Achimwene, zam'katizo muyambe mwaziika pambali. Kuno ku nyanja tili pa mamita osakwana 500, Lilongwe ili pa 1,000 ndi kupitirira. Kusiyana konseko injini imakukwera itasenza makabati, thanki ya madzi ndi denga lalitali lolimbana ndi mphepo. Rediyeta yotsekeka theka imakwanitsa pa msewu wafulati, imadzaulula pa chitunda.

Mawa m'mawa injini isanatenthe, tsegulani chitsekero cha rediyeta, dzazani madzi mpaka pakhosi, muilize. Yang'anitsitsani. Ngati pakutumphuka tithovu tosalekeza, kapena mukatseka paipi yapamwamba ikuuma gwa pasanathe nthawi, ndiye kuti gasiketi ya pansi pa hedi (mutu wa injini) yapita kapena hediyo yang'aluka. Mwayi wanu ndi woti hedi ya 3L ndi yachitsulo, imapirira kusiyana ndi ya 1KZ, injini ina ya dizilo ya Toyota, yomwe ndi ya aluminiyamu, koma nayonso mukaiwiritsa kawirikawiri imatopa.

Tithovu tikapanda kuoneka, pitani pa fani. Fani ya magalimoto amenewa ili ndi kachitsulo pakati kokhala ndi mafuta a silicone, kamene kamagwira injini ikatentha. Yendani mpaka itenthe, izimitseni, muyese kupukusa faniyo ndi dzanja. Ikamazungulira mopepuka, mafutawo anatha, ndipo pa chitunda imangozungulira mwaulesi osakoka mphepo. Fani yabwino ikagwira mumaimva ikubangula pansi pa mpando. Kenako tsitsani rediyeta. Galimoto yokhalitsa pansi pa mango siilephera kukhala ndi masamba, dothi ndi zisa za makoswe pakati pa rediyeta ndi condenser (karediyeta ka AC kotayira kutentha), pamene maso safika. Chitsekeronso mugule chatsopano, n'chotchipa koma chikafooka madzi amawira msanga chifukwa sichisunga mphamvu ya mpweya.

Man_Dwangwa:
Zonsezo n'zazitali. Chotsani thermostat, kavalavu kaja kotsegulira madzi opita ku rediyeta injini ikatentha, mutaye. Imeneyo anaikira anthu a ku Japan kumene kumagwa chipale, osati ku Salima. Minibasi zingati pa depoti zili nayo?

Sipanala14:
Ndipo minibasi zingati mumaziona zitaima m'mbali mwa msewu kondakitala akuthamanga ndi chigubu? Thermostat ikatseguka, cha m'ma digiri 82 pa ma Toyota ambiri a dizilo, madzi amadutsa okwanira. Siichititsa kuwira pokhapokha ikafa yotseka. Pa injini zambiri ilinso ndi kambale kachiwiri kunsi kotseka njira yachidule ya madzi. Mukaichotsa, madzi ena amangozungulira m'injini momwemo osafika ku rediyeta. Komanso dizilo yoyenda yozizira imadya mafuta ambiri, imafuka ndipo imatha ma ring msanga. Kuichotsa n'kubisa matenda basi.

Man_Dwangwa:
Yanga ndinachotsa kalekale, mpaka lero ikuyenda.

Sipanala14:
Pakati pa Dwangwa ndi Nkhotakota boma pali phiri lanji, aise?

MayiWaChia:
Ine si makaniko, koma funso langa n'lakuti mumathiramo madzi anji? Ngati ndi a pa mjigo, suzumirani m'ketulo yanu muone zoyera zija zimakakamira pansi. Timapaipi ta rediyeta n'tating'ono kwambiri, zimenezo zikachuluka timatsekeka. Bambo a kunyumba kuno amasunga madzi a mvula osefa bwino, kapena kugula aja othira m'batire, n'kusakaniza ndi coolant, mankhwala aja othira m'rediyeta.

Sipanala14:
Mayi mwalasa. Coolant sikuti ndi wa kumalo ozizira okha ayi, ntchito yake ina n'kuletsa dzimbiri. Theka coolant theka madzi, mukavutika thumba ndiye gawo limodzi mwa atatu. China chimene ndinaiwala: ma Hiace ambiri a ku Japan ali ndi hita yakumbuyo, ndipo mapaipi ake achitsulo amadutsa kunsi kwa galimoto mpaka kumbuyo. Amachita dzimbiri n'kumadontha pang'onopang'ono, pansi osaona kanthu chifukwa madontho amauma asanagwe. Lowani kunsi ndi tochi. Ku Senga Bay hita yakumbuyo mulibe nayo ntchito, mutha kuidula n'kulumikiza mapaipiwo pafupi ndi injini. Yakutsogolo isiyeni, tsiku lina geji ikadzakwera mudzaiyatse mpaka kumapeto ndi mawindo otsegula, imathandiza kuchotsa kutentha m'injini.

Usipa_Wowuma:
Mukukambirana za kukwera zitunda ngati dizilo ali pa mpopi. Galimoto yogonamo ili bwino ndithu, mudzagonamo pa mzere wa mafuta.

Kondakitala_Wakale:
Hahaha, ndiye bediyo asachotse.

NaPhiri_Khombedza:
Koma zobwereketsazo mwafufuza? Galimoto yonyamula anthu olipira ili ndi malamulo ake, nambala yofiira, inshuwalansi yosiyana. Pitani ku Road Traffic mukafunse musanawononge ndalama, mukafunsenso kuti pa mapepala ake analemba anthu angati. Pa ma roadblock a M5, msewu wa m'mbali mwa nyanja uja, Hiace iliyonse amaiyang'ana ndi diso la minibasi.

MwanaWaKuNyanja:
Zikomo mayi, zimenezo ndikafunsa ndikamakapangitsa COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Tibwerere pa AC, chifukwa mayi a kunyumba anena kuti popanda AC iwo sakwera.

DokotalaWaMafiliji:
Pali ma AC awiri amene mukuwasakaniza. Ina ndi ya galimoto yomwe, yoyendetsedwa ndi lamba wa injini. Inayo ndi imene mnzanuyo akunena, yoti izigwira ntchito mutaima. Ndiyankhe yoyambayo.

Galimoto ya 1992 nthawi zambiri inabwera ndi gasi wa R12. Makampani anasinthira ku R134a cha m'ma 1993 ndi 1994, kutsatira pangano la Montreal la 1987 loteteza mlengalenga, ndipo maiko ngati athu anapatsidwa mpaka 2010 kuti asiyiretu R12. Yang'anani pothirira gasi: ngati pali mazinga opotokolera ngati a valavu ya tayala, ndi R12. Ya R134a ndi yonenepa, yongokanikizira. Munthu akakuuzani kuti angothira gasi watsopano pamwamba pa wakale, nyamukani. Mafuta a kompuresa ya R12 sayendera limodzi ndi R134a, ndiye kompuresa imauma n'kufa. Chofunika n'kutsuka mapaipi, kusintha mafutawo, kuika drier (kabotolo koyamwa chinyezi m'gasi) yatsopano ndi timphira tonse ta m'malumikizo, kuyesa ndi nitrogen ngati pali podontha, kukoka mpweya wonse ndi pampu, kenako n'kuthira gasi pa sikelo, wocheperako pang'ono kuyerekeza ndi muyeso wa R12 wolembedwa pa galimotoyo. Gasi sathera chabe. Ngati anatha, pali pamene anatulukira.

Ndipo chonde, alipo anyamata ena amathira gasi wophikira m'ma AC a galimoto. Amazizira ndithu, koma pa Hiace injini mwaikhalira, paipi ikaphulika moto uyambira pansi panu.

Sipanala14:
Ndiwonjezere kuti AC ikonzedwe pomaliza. Condenser imatayira kutentha kwake pa mphepo yomweyo yopita ku rediyeta, ndiye mukaikonza injini ikadali yodwala mudzawira musanatuluke ndi m'boma la Salima lomwe.

ZaSola_Nanjoka:
Ya padengayo tiyeni tiwerengetsere limodzi, chifukwa ambiri amagula kaye n'kudzawerengetsa pambuyo. AC yaing'ono ya m'nyumba, ya 9,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsira), imakoka pakati pa ma watt 700 ndi 900 ikamalimbika. Tinene kuti usiku ikupumira, ikudya ma watt-hour 500 pa ola. Maola 8 ndi ma watt-hour 4,000. Batire ya 100Ah ya 12V imasunga 1,200, koma ya mtovu mumagwiritsa theka lokha ngati mukufuna ikhalitse, ndiye 600. Mufunika mabatire 7 pa usiku umodzi, iliyonse yolemera pafupifupi makilogalamu 30. Ndi makilogalamu 210 amenewo, pa galimoto yomwe ikulephera kale chitunda. Za lithium n'zopepuka ndipo mumazikama kwambiri, koma mtengo wake mukaumva mudzakhala pansi.

Nanga kuwadzazanso? Padenga la Hiace pangakwane mapanelo a ma watt 400 mwina. Dzuwa la ku Salima ndi lamphamvu, n'chifukwa chake anamanga sola ya 60 MW kuno, komabe mapanelo amenewo akupatsani cha m'ma 1,500 watt-hour pa tsiku. Simufika ndi theka lomwe la usiku umodzi. Pamene fani ya padenga ya 12V imadya ma amp 2 kapena 3, usiku wonse ndi 16 mpaka 24Ah, batire imodzi ikukwana n'kutsalako ya magetsi ndi mafoni. AC yoti muziyatsa mutaima imagwira pokhapokha mwalumikiza ku soketi pa malo ogona, ndipo magetsi akathima mwabwerera pomwe munali.

Bwana_Jenereta:
Kajenereta kakang'ono basi, nkhani yatha.

MayiWaChia:
Munthu wachoka m'tauni kuti akamve mafunde, inu mukumuikira jenereta pa khutu? Anzanu a pa malo ogonawo adzakuthamangitsani usiku womwewo.

WaKuJoni_Wabwera:
Chenjezo limodzi musanalumikize chilichonse ku soketi. Magetsi a m'nyumba ku Japan ndi 100V, athu ndi 230V. Ngati kunja kwa galimotoyo kuli polumikizira waya, ndiye kuti chaja, filiji ndi masoketi a m'kati anapangidwira 100V. Mukangolowetsa athuwa, utsi. Werengani zolembedwa pa chipangizo chilichonse. Mawaya a zaka zoposa 30 amene makoswe ayendamo ine ndikanawazula onse n'kuyala atsopano, ndi fyuzi pafupi ndi batire.

Mphunzitsi_Wopuma:
Ana anga, mwakambirana kwambiri za kuziziritsa mpweya umene watentha kale. Bwanji osayamba ndi kuletsa kutenthako kulowa? Ikani dzanja padenga la galimoto yakuda masana, kenako pa yoyera, mudzamva nokha. Dengalo lipakidwe penti yoyera, ndipo lizitsukidwa, chifukwa fumbi la Okutobala limaidetsa msanga. Pansi pa denga muike kaylite kapena siponji yolimba ija yosamwa madzi. Pepala lonyezimira limene timaika pansi pa malata limathandizanso, koma lifunika mpata wa mpweya kutsogolo kwake. Mukalimata pakati pa zinthu ziwiri mopanikiza mwangotaya ndalama.

Khomo lalikulu la kutentha ndi magalasi, makamaka lakutsogolo lija. Katani ya m'kati imachedwa, dzuwa limakhala litalowa kale. Phimbani kunja. Sokani nsalu yoyera yolimba yovekera galasi lakutsogolo ndi mawindo awiri a m'mbali, ndipo mbali ya chitseko mukoke lona pa mitengo iwiri kuti pakhale khonde. Masana munthu sakhala m'galimoto, amakhala pa khondepo.

Fani ya padenga izitulutsa mpweya, osati kulowetsa. Mpweya wotentha umakwera wokha, inu mungouthandiza. Ndiye mutsegule zenera limodzi lokha, la pafupi ndi bedi, mbali ya mthunzi, kuti mphepo yolowa idutse pa inu. Mukatsegula onse, fani imangokoka pa zenera loyandikana nayo, ogona osamva kanthu.

Sipanala14:
Aphunzitsi anena zoona, ndipo pa Hiace pali chinanso. Injini ili m'nyumba momwemo, pansi pa mipando. Mukafika madzulo n'kuzimitsa, chitsulo chonsecho chimapitiriza kutulutsa kutentha kwa maola. Tukulani mpando muone chofunda cha kunsi kwa chivundikiro cha injini, pa galimoto yakale chimakhala chitanyenyeka. Ikani chatsopano chosagwira moto, musinthenso mphira wa m'mbali. Ndipo muzifika kukadali kowala, zitseko zikhale pululu injini ipole musanagone.

Usipa_Wowuma:
Mthunzi wa mango ndi waulere, AC ya makolo.

ZaSola_Nanjoka:
Mu Disembala mango akamagwera pa panelo mudzandiuza. Komanso panelo ikakhala pa mthunzi, ngakhale mbali imodzi yokha, mphamvu imatsika kwambiri. Njira yake n'kukhala ndi panelo imodzi yonyamula pa waya wautali, galimoto pa mthunzi, panelo pa dzuwa.

Usipa_Wowuma:
Ndi tcheni ndi loko, apo ayi mudzapeza waya wokha.

NaPhiri_Khombedza:
Mawindo otsegula usiku ku nyanja? Malungo a ku Nkhotakota si nthabwala. Zenera lililonse lotseguka likhale ndi sefa, fani ya padenganso chimodzimodzi, ndipo bedi likhale ndi tizitsulo tokolekapo neti. Ana agone m'neti ngakhale sefa alipo, udzudzu umalowa potsegula chitseko. Sefayo ikhale ya maso ang'onoang'ono chifukwa nkhungu za m'nyanja zikatuluka zimathamangira kuwala ndipo pa sefa wamba zimadutsa. Nyali yakunja muiike patali ndi chitseko.

Mlonda_WaKuBua:
Poti mwatchula njovu. Kuyambira 2015 nkhalango ya Nkhotakota ikuyendetsedwa ndi African Parks, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndiye alendo oti mubwereke alipo. Koma kuli kashembe, amene amafalitsa kaodzera. Kashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, n'chifukwa chake nsalu zomutchera zimakhala za mitundu imeneyo, ndipo amakonda kutsatira galimoto yoyenda. Makatani, lona ndi penti musasankhe mitundu iwiriyi. M'nkhalangomo mawindo amafunika otseka, ndiye mayi a kunyumbawo sakulakwa, AC ya injini ikonzedwe ndithu. Msewu wa M18 wopita ku Kasungu nawonso ndi wokwera, rediyeta yanu ikayesedwanso kumeneko.

Kalipentala_Benga:
Tsopano zanga. Matabwa safufuma okha, madzi akulowa penapake. Musakhome thabwa latsopano musanapeze polowera. Zulani zonse mpaka chitsulo chionekere, wina akhale m'kati ndi tochi, wina kunja azithira madzi ndi paipi, kuyambira pansi kukwera pang'onopang'ono. Mukayambira padenga madzi amayenderera paliponse, simudziwa pamene alowera. Kawirikawiri ndi mphira za mawindo, polumikizira denga lalitali ndi thupi la galimoto, ndi m'mbali mwa kazenera ka padenga. Dzimbiri likwechedwe, poboola pawotchereredwe, penti yoletsa dzimbiri ipakidwe, kenako tiyambe kukamba za makabati.

Chipboard ndi MDF, matabwa aja a utuchi woumba, musayerekeze, ku nyanja kuno nyengo ya mvula imodzi yokha zafufuma. Pulayiwudi ya 9mm ikwana pa makabati, 12mm pansi ndi pa bedi, yopangidwa ku Chikangawa ija imapezeka. Vanishi mbali zonse ziwiri, makamaka m'mphepete modulidwa, chifukwa ndi m'mene mumamwa madzi. Mafelemu a paini. Ndikudziwa wina anena za mlombwa kapena mbawa. N'zokongola, koma n'zolemera, mungoikako pa kathebulo kapena pa zogwirira. Thabwa la pansi pa matiresi libooledwe mabowo ambiri kuti thukuta liziuma, chuku chimayambira pamenepo. Ndipo kabati iliyonse imangidwe ndi mabauti ku chitsulo cha galimoto. Zomangira tating'ono pa pulayiwudi zimazuka ndi mabampu, ndipo tsiku loponda mabuleki mwadzidzidzi kabatiyo ipeza ana kutsogolo.

MayiWaChia:
Siling'i yake bwanji osaika mphasa kapena mkeka? Olukawo ali mbwee pa msewu wa ku Senga Bay, n'zopepuka, sizitentha, ndipo alendo amazikonda.

Kalipentala_Benga:
Mayi, mphasa imafumbwa ndipo mphemvu zimabisalamo. Muzidzadzuka ndi ufa kumaso.

MayiWaChia:
Imafumbwa ikadulidwa yanthete. Bango lokhwima, loumitsa bwino, lopaka vanishi, limakhala zaka. Muimange ndi timitengo tochotseka, ikatha mwasintha. Pulayiwudi yanuyo ikatha ndiye mpaka kuitana inu.

Kalipentala_Benga:
Mkeka ndingavomere pa zitseko za makabati, mpweya uzilowa. Pafupi ndi chitofu ayi.

DokotalaWaMafiliji:
Kafilijiko ngati kumbuyo kwake kulibe kompuresa, kali ndi mapaipi okhaokha ndi kotenthetsera, ndi kaja koyendera gasi kapena magetsi. Kamafuna galimoto iime mowongoka, ndipo kunja kukatentha kupitirira madigiri 32 kamayamba kugonja. Pa 12V kamakoka ma amp 8 mpaka 10 osapumira, batire yatha usiku umodzi. Ya kompuresa ya malita 40 imadya pakati pa 30 ndi 50Ah tsiku lonse nyengo yotentha, ndipo chambo chanu chifika ku Lilongwe chili bwino. Muisiyire mpata wopumira, musaitsekere m'kabati.

NaPhiri_Khombedza:
Za gasi wophikira zisaiwalike. Amalemera kuposa mpweya, akadontha amakhala pansi. Silinda ikhale m'bokosi lakelake lotseka bwino, lokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja, ndipo muzitseka pa silinda pomwepo pogona. Mbaula m'kati ayi, ngakhale mvula igwe bwanji, utsi wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo. Kuphika kuzichitikira pa khonde la aphunzitsi lija, m'kati musamatenthe.

MwanaWaKuNyanja:
Ndabwera ndi lipoti. Tithovu palibe, Mulungu ndi wabwino. Fani ikuzungulira ndi chala chimodzi injini ili yotentha. Titatsitsa rediyeta tapeza masamba a mango ndi chisa cha makoswe chodzaza chigoba cha manja awiri, ndipo ataitsegula pamwamba timapaipi tambiri tinali totsekeka ndi zoyera zimene amanena mayi a ku Chia. Thermostat munalibe n'komwe. Paipi imodzi ya hita yakumbuyo yadyeka, kungoikanda ndi sikuludiraiva madzi n'kutuluka. Chaja ya m'kati yalembedwa 100V. Za AC ya padenga ndazisiya, ndalamayo ipita ku fani, penti yoyera ndi kukonza AC ya injini. Madzi akulowera pa kazenera ka padenga ndi pa windo lakumanzere. Funso: rediyeta yomweyi itsukidwe, kapena ndifune ina?

Man_Dwangwa:
Mwaona, thermostat munalibe koma yayenda zaka zonsezi.

Usipa_Wowuma:
Yayenda kapena yaima pansi pa mango?

Sipanala14:
Ngati ndi yamkuwa ndipo timapepe ta pakati sitikunyenyeka mukatikhudza, itsukidwe kapaipi kamodzikamodzi, aiwotcherere, aiyese m'madzi ndi mpweya. Tikamanyenyeka, aikemo pakati patsopano. Zida za injini za L sizisowa chifukwa minibasi zambiri zimayendera zomwezo, kachitsulo ka fani mukapeza ku Lilongwe, tengani chakalecho mukafananize. Poti mwatsegula kale, onani pampu ya madzi ngati ikugwedera, ndipo funsani za timing belt, lamba woyendetsa ma valavu a injini. Pa 3L amasintha pa makilomita 100,000, koma lamba wokhalitsa chonchi amauma ngakhale sanayende, ndipo akaduka ma valavu amapindika.

Pothira coolant, galimoto iime mphuno ili m'mwamba pang'ono, hita yotsegula, chitsekero chochotsa, mpaka thermostat itatseguka ndipo mpweya wonse utatuluka. Poyesa musapite m'mawa muli nokha. Dzazani thanki ya madzi, kwezani anthu, mukwere masana dzuwa lili paliwombo. Pa chitunda tsitsani giya msanga injini izizungulira momasuka, musaikakamize pa giya yaikulu. Geji ikadutsa pakati imani pambali, isiyeni ikulira pang'onopang'ono kuti madzi aziyendabe, ndipo chitsekero musachikhudze mpaka itapola.

MwanaWaKuNyanja:
Ndamva madala. A Kalipentala_Benga, ndikutumizirani miyeso ya m'kati ku inbox tikangomata padengapo. Bedi likhale lopinda, kuti masana pazikhala podutsa.